Mlendo Kawiri mu Mzinda wa Harare



Ena mwa inu mwakhala mukundifunsa za ulendo umene ine ndi mayi a kunyumba tinayenda mwezi wa Okutobala chaka cha 2025, pa nthawi ya tchuthi imene akulu a mpingo anatipatsa. Sitinapite ku msonkhano kapena ku maliro, monga mmene maulendo athu ambiri amakhalira. Tinapita ku Harare kukaona malo ndi kukadya zakudya za kumeneko. Ndikudziwa kuti mawu amenewa akumveka achilendo kwa munthu wa kuno ku Angónia, pakuti kwathu kuno munthu sanyamuka ulendo wopanda nkhani. Koma nkhani inalipo. Harare ndi mzinda umene ndinakuliramo kuyambira mu 1987 mpaka mu 1995, ndipo panali patapita zaka 30 ndisanapondemonso.

M'chinenero chathu mawu akuti mlendo ali ndi mbali ziwiri. Pali mlendo amene timamuphera nkhuku ndi kumuyalira mphasa yatsopano, podziwa kuti iye ndi mame, sachedwa kukamuka. Palinso mlendo wobwera kudzakhala, wothawa nkhondo kapena njala, amene sadziwa tsiku lobwerera kwawo, ndipo pakapita masiku eni mudzi amayamba kumuwerengera nthongo za nsima. Ine ndakhala mlendo wa mitundu iwiri yonseyi mu mzinda umodzi womwewo, ndipo ndi zimenezi ndikufuna kukusimbirani.

Mu 1987, nkhondo itafika poipa m'dera lathu, anthu ambiri anawolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Bambo anga anali kale ku Harare, kumene ankagwira ntchito ya ukhukhi m'nyumba ya banja lina, ndipo anatumiza mawu kuti tiwatsatire. Tinayenda pa lole, mu mdipiti wa magalimoto umene asilikali a ku Zimbabwe ankaperekeza kuchokera ku Zóbuè, kudutsa ku Tete, mpaka ku Nyamapanda. Ndinali ndi zaka 6. Za ulendo umenewo ndimakumbukira ludzu, ndi dzanja la mayi anga likunditseka m'maso tikamadutsa magalimoto owotchedwa m'mbali mwa msewu. Ulendo uno njira inali yomweyo: kuwoloka Zambezi, kudutsa Changara, kudinditsa mapasipoti pa Cuchamano ndi pa Nyamapanda, kenaka Mutoko ndi Murehwa. Amene munafikapo ku Tete mwezi wa Okutobala mukudziwa kutentha kwake. Koma msewu ukamakwera kuloza ku Harare, mzinda umene uli pa mtunda wokwera pafupifupi mamita 1,500, mphepo imasintha n'kuyamba kufanana ndi ya kuno ku Ulongwe.

Harare amene ndinkamudziwa ndili mwana anali Mbare basi. Mzindawu unayamba mu 1890 pamene atsamunda anamanga linga limene analitcha Fort Salisbury. Mu 1907 anapatula malo kumwera kwa tauni okhalako anthu akuda ogwira ntchito, ndipo malowo ankatchedwa Harari. Pa 18 Epulo 1982, dziko litakwanitsa zaka ziwiri likudzilamulira, mzinda wonse unatenga dzina limeneli, ndipo malo a antchito aja anayamba kutchedwa Mbare. Kumeneko ndi kumene tinkakhala, m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye wachishona, amene tonse tinkawatchula kuti Ambuya. Bambo ankagona kuntchito, ndipo ankabwera Lamlungu lokha. Pa zaka 8 zonsezo, maulendo amene ndinalowa pakati pa tauni ndingathe kuwawerenga ndi zala: kukagula nsapato za kusukulu, kapena kuperekeza mayi kuchipatala. Nyumba zosanja tinkangoziona patali ngati mapiri a dziko lina.

N'chifukwa chake tsiku loyamba tinayambira pa Kopje, kaphiri kamene kali pakati pa tauni ndi Mbare. Kuchokera pa nyumba imene tinkakhala, munthu akhoza kufikapo pa miyendo ola lisanathe, koma sindikumbukira aliyense wa pakhomo pathu amene anakwerapo. Munthu wosaka chakudya cha lero sakwera phiri kuti akaone kukongola kwa dziko. Titaima pamwamba ndinaona mzinda wonse nthawi imodzi, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga. Mbali ina kunali nyumba zosanja ndi misewu yowongoka yokutidwa ndi mitengo ya jakaranda, imene inali itachita maluwa ake a mtundu wa pepo. Mbali inayo kunali madenga a Mbare othithikana, ndi bwalo la mpira la Rufaro, kumene kunachitikira mwambo wa ufulu wa dzikolo mu 1980. Mitengo ya jakaranda kwawo ndi ku South America, nayonso ndi yobwera. Alendo amaijambula zithunzi. Kwa ife ana, maluwa ake ankatanthauza kuti mayeso ayandikira, ndipo kwa anzawo a bambo ogwira ntchito ya m'maluwa ankatanthauza kusesa pabwalo kawiri pa tsiku.

Titatsika tinayenda pang'onopang'ono mpaka pa Africa Unity Square, bwalo limene atsamunda anakwezapo mbendera yawo mu Seputembala 1890, ndipo tinjira take tinakonzedwa motsanzira mizere ya mbendera ya Britain. Chapafupi pamadutsa msewu waukulu umene kale unkatchedwa Jameson Avenue, koma lero ndi Samora Machel Avenue. Dzinali silinaperekedwe mwaulemu chabe. Kuyambira mu 1975 dziko lathu linasunga omenyera ufulu ndi othawa nkhondo a ku Zimbabwe, ndipo misasa yawo, wa ku Chimoio ndi wa ku Tembue umene unali m'chigawo chathu chino cha Tete, inaphulitsidwa mu Novembala 1977. Iwo anayamba kukhala alendo kwathu ife tisanakhale alendo kwawo. Pamene msewuwu wakumana ndi Julius Nyerere Way pali chiboliboli cha Mbuya Nehanda, mayi amene atsamunda anamupachika mu 1898 chifukwa cha nkhondo yoyamba yokana ulamuliro wawo. Chibolibolichi chinaimikidwa mu 2021.

Nyumba imene inandichititsa chidwi koposa ndi Eastgate, yomwe inatsegulidwa mu 1996, ife titachoka kale. Katswiri amene anaijambula, Mick Pearce, anatengera nzeru pa chulu cha chiswe. Usiku mpweya wozizira umakokedwa kulowa m'timipata ta pansi ndi m'makoma, konkire n'kusunga kuzizirako. Masana mpweya wotentha umakwera n'kutulukira m'machumuni a padenga. Motero nyumba yaikulu chotero imakhala yozizira popanda kudalira kwambiri makina odya magetsi. Mayi a kunyumba atamva zimenezi anati: "Ndiye kuti chiswe chija timalimbana nacho pa nkhokwe ndi mphunzitsi wa anthu ophunzira?"

Ku National Gallery, nyumba yoonetsera zaluso imene inatsegulidwa mu 1957, tinaona ziboliboli za miyala zimene dziko la Zimbabwe limatchuka nazo. Pano pali mbiri imene anthu a kwathu ayenera kuidziwa. Mu 1966 mlimi wina wa fodya, Tom Blomefield, anayambitsa mudzi wa osema miyala pa famu yake ya Tengenenge, kufupi ndi Guruve. Ambiri mwa osema oyamba kumeneko anali antchito a m'mafamu ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, ndipo ena mwa iwo anali Achewa ndi Ayao. Manja amene anapita kukathyola fodya wa eni ndi omwewo anathandiza kukweza dzina la dzikolo kunja. Madzulo tinapita ku Epworth kukaona miyala ikuluikulu yosanjikizana, imene imaoneka ngati igwa koma siigwa. Chithunzi cha miyala imeneyi chakhala chikusindikizidwa pa ndalama za dzikolo, ngakhalenso pa pepala lija la madola 100 thiriliyoni limene linatuluka mu Januwale 2009, ndalama itatheratu mphamvu. Lero mapepala amenewo amagulitsidwa kwa alendo ngati chikumbutso. Kuyambira mu Epulo 2024 kuli ndalama ina yotchedwa ZiG, koma malo ambiri amene tinagulako zinthu anatitchulira mtengo m'madola a ku America.

Tsopano ndinene za chakudya, pakuti ndi pa mbale pamene ulendowu unandiyankhula kwambiri.

Usiku wa tsiku loyambalo tinakadya ku nyumba ina yodyera kumpoto kwa mzinda, dera la mipanda italiitali ndi kapinga wothiriridwa, kufupi ndi kumene malemu bambo anga ankagwira ntchito. Bambo ankadziwa kuwotcha nyama mu uvuni, kuphika supu wa mitundumitundu ndi kupanga makeke ofewa ngati thonje. Koma zakudya zimenezi ife tinkangozilawa Lamlungu, zikakhala kuti zatsalako, atazibweretsa m'kachitini kokutira ndi pepala. Akuluakulu anati kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ukulifuna. Tsiku limeneli ine mwana wa khukhi ndinakhala pa tebulo loyala nsalu yoyera, mipeni ndi mafoloko zitandandalikidwa, munthu n'kundikokera mpando. Pa mndandanda wa zakudya tinapezapo nkhuku ya piripiri, atalemba kuti ndi yophika mwa chimozambiki. Mayi anaseka nati: "Bambo, mtunda wonse tayendawu, tidzadye nkhuku ya kwathu?" Tinaitanitsa nyama ya ng'ombe, imene dzikolo limadziwika nayo, ndipo inali yofewa ndi yokoma ndithu.

Mnyamata amene ankatiperekera chakudya anaima kanthawi akumvetsera, kenaka anawerama pang'ono nati m'Chichewa chosakanikira ndi Chishona: "Pepani sekuru, chimene mukuyankhulacho ndi cha agogo anga."

Ndinamufunsa kuti agogo akewo anali a kuti. Iye anati anachokera cha ku Angónia konkuno, kuthawa chibalo cha Apwitikizi, ndipo anagwira ntchito m'mafamu a fodya mpaka imfa yawo. Dzina la mudzi sankalidziwa, ankangodziwa mfunda wake. Iye anabadwira ku Harare, bambo akenso anabadwira m'dziko lomwelo. Anthu otere alipo ambiri. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana ndi zidzukulu za anthu obwera ambiri anapezeka kuti sakuwerengedwanso ngati nzika, mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikolo amene kholo lawo linachokera m'maiko oyandikana nawo a m'chigawo chino cha kumwera kwa Africa. Mnyamatayo, atabwera ndi tiyi, anandifunsa funso limene sindinaliiwale: "Kodi kwathu kuli bwanji?" Anati kwathu, kunena dziko limene sanaliponde. Ndinamuuza za minda ya mbatata ya kachewere ndi nyemba, za phiri la Dómuè, za chisanu cha mwezi wa Juni, ndi za msewu umene mbali ina ndi Mozambique mbali ina ndi Malawi. Anamvetsera thireyi ili m'manja, mpaka mnzake anamukodola kuti akatumikire tebulo lina.

Tsiku lachiwiri tinapita ku Mbare. Msika wa Mbare Musika ukadali mtima wa malonda a zakumunda m'dzikolo. Malole a tomato, anyezi ndi kabichi amafika kusanache, ndipo mabasi a kumidzi amanyamukira pomwepo. Mu Okutobala 2024 moto unawononga gawo lalikulu la msikawu, koma tinapeza malonda ali m'kati, phokoso lake lomwe lija, fungo lake lomwe lija la usipa wouma ndi fumbi. Nsomba zing'onozing'ono za ku Kariba amazitcha matemba ngati ife. Amagulitsanso madora, mphalabungu zikuluzikulu zouma za m'mitengo ya tsanya, ndi maputi, amene ndi chimanga chokazinga mpaka kuphulika ngati mbuliwuli. Ndinagula kapepala ka maputi, ndipo nditangoponya m'kamwa ndinakumbukira njira yonse ya kusukulu.

Nkhomaliro tinadyera pa benchi, kwa mayi wina wophika pa nkhuni. Anatithirira madzi osamba m'manja, ndipo ndinapeza kuti lilime langa likukumbukirabe mawu opepesa amene Ashona amanena asanayambe kudya, akuti pamusoroi. Nsima amaitcha sadza, ndipo ufa wake uli pakati pa mgaiwa ndi ufa woyera. Ndiwo zinali mazondo, amene ndi mang'ina a ng'ombe ophika kuyambira m'mawa mpaka msuzi kugwira milomo, ndi masamba otendera amene amati muriwo une dovi. Mayi a kunyumba analawa mwachidwi, nazindikira msanga kusiyana kwake: ife timatendera ndi nsinjiro, iwo amatendera ndi chiponde cha mtedza wokazinga, n'chifukwa chake ndiwo zake zimanunkhira mwina. Anafunsa wophikayo nthawi yothira chipondecho, ndipo awiriwo anamvana bwino ndi manja ndi mawu ochepa amene zinenero ziwirizi zimafanana.

Titatha kudya ndinatsogolera mayi ku nyumba ya Ambuya. Msewu ndinaupeza mosavuta, nyumba ikadalipo, koma kachipinda kathu kulibe. Mu 2005 zipinda zambiri za kuseri kwa nyumba zinagwetsedwa m'mizinda ya dzikolo, ndipo lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Pamene tinkagona pali kadimba ka masamba. Ambuya anatisiya kale. Tinapeza mpongozi wawo, amene tsopano nayenso ndi wa imvi, ndipo nditatchula dzina la mayi anga anawomba m'manja nafuula kuitana a nyumba yoyandikana.

Ndiyenera kukuuzani za Ambuya. Iwo anali wogulitsa tomato pa msika, analibe chuma. Tsiku limene tinafika anatipatsa poto mmodzi ndi bulangete limodzi. Anaphunzitsa mayi anga moni wa Chishona ndi mitengo ya zinthu, kuti ogulitsa asawabere pomva kayankhulidwe kawo. Nthawi yolembetsa sukulu itakwana anandigwira dzanja iwo eni, nakanena kuti ndine muzukuru wawo, ndiye kuti mdzukulu. Ana a mumsewu akamatinena ndi mayina onyoza anthu obwera, Ambuya ankatuluka ndi mthiko m'manja. Ndipo madzulo ambiri kambale ka ndiwo kankachoka kukhitchini kwawo kubwera pakhomo pathu, popanda mawu, ngati kuti ndi mmene zinthu ziyenera kukhalira.

Mpongozi uja sanalole kuti tichoke osadya, ngakhale tinamuuza kuti tangodya kumene. Anatiphikira tiyi wa mkaka, natipatsa mutakura, chimanga chowiritsa pamodzi ndi mtedza ndi nzama. Tikudya anatiuza kuti nayenso dziko lathu amalidziwa. Mu 2008, m'masitolo mutatheratu zinthu, ankawoloka malire kupita ku Tete kukagula mpunga ndi mafuta ophikira. Usiku wina anasowa pogona, ndipo mayi wina wa kumeneko, amene sankamva Chishona ngakhale liwu limodzi, anamuyalira mphasa pakhonde namupatsa madzi osamba. "Dzina lake sindinalifunse," anatero, "koma nkhope yake ndikuiona mpaka lero." Tinamusiyira kapulana ndi nyemba pang'ono za kuno. Zinali zochepa poyerekeza ndi ngongole imene banja lathu lili nayo pakhomo limenelo.

Loweruka masana, phokoso lisanachuluke, ana a mayiyu anatitengera ku Warren Park, pamalo otchuka otchedwa kwaMereki. Kumeneko munthu amagula nyama yaiwisi ku butchala, n'kuipereka kwa amayi amene amaiwotcha pa makala ndi kuphika sadza, ndipo anthu amadyera panja, ena pa boneti ya galimoto. Kuwotcha kotereku amakutcha gochi-gochi. Lamlungu tinakapemphera ndi mpingo wa CCAP, umene unayamba mu 1912 pakati pa anthu a chinenero chathu opita kukagwira ntchito, ndipo unakhala sinodi payokha mu 1965. Ndi mpingo umene bambo ankatitengerako. Nyimbo zikuimbidwabe m'Chichewa, koma ana potuluka amacheza m'Chishona.

Pobwerera, basi ikutsika kuloza ku Nyamapanda, ndinkasinkhasinkha za maulendo anga awiriwa. Pa ulendo uno zitseko zonse zinatseguka. Ndinali ndi pasipoti, ndalama m'thumba ndi tsiku lobwerera, ndipo munthu wotere amalandiridwa bwino pafupifupi kulikonse. Sindikunyoza ulemu umenewo, unali wabwino ndipo tinasangalala nawo. Koma ulemu umene wakhala mumtima mwanga zaka 30 ndi uja tinalandira tilibe kanthu kobweza, kuchokera kwa mayi wogulitsa tomato. Kopje, Eastgate ndi ziboliboli zija ndinaziona ndi maso a mlendo wa mame, ndipo ndi zokongoladi. Koma ndikamati Harare ndi mzinda wabwino, umboni wanga ndi kambale ka ndiwo kaja.

Abale, ambiri mwa ife tinakhalapo kwa eni. Ena munali ku Dedza, ku Ntcheu, ku Lilongwe, ena ku Chipata ndi ku Katete, ena m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera, tinamanganso midzi, ndipo moyo unatitanganitsa. Anthu amene anatisunga akutha mmodzimmodzi. Ngati mungapeze mpata ndi kandalama, pitani mukaone kumene munakhala. Tengani ana anu, akaone malo okongola amene inu munalibe nthawi yowaona, akalawe chakudya chimene chinakulerani, ndipo koposa zonse akagwire chanza anthu amene anakutsegulirani chitseko.

Kumbukiraninso kuti lero eni mudzi ndife. M'misika ya Ulongwe, Moatize ndi Tete muli anthu ochokera ku Zimbabwe ndi ku Malawi ofuna ganyu ndi malonda, ndipo m'dziko lathu lomwe muli mabanja amene athawa nkhondo ya ku Cabo Delgado kuyambira mu 2017. Ana awo akutiyang'ana monga mmene ine ndinkayang'anira Ambuya. Ena mwa iwo adzabweranso patapita zaka 30, atavala bwino, kudzaona malo ndi kudzadya mbatata ya kuno, ndipo adzafunsa njira ya pakhomo pamene analandirapo kambale ka ndiwo. Ndikulakalaka kuti makomo amenewo adzakhale a anthu a mumpingo uno.

Ine ndi mayi a kunyumba tikuthokoza akulu a mpingo chifukwa cha tchuthi, ndi nonse amene munasamala pakhomo ife kulibe. Amayi a chigwirizano amene mukufuna kudziwa katenderedwe ka chiponde, mayi ali okonzeka kukuonetsani.

Mtendere ukhale nanu nonse.

Ine wanu mu utumiki,
Mbusa wanu